Nkhombe Imene a Chikopa Ankafuna

A Wedisoni Chikopa anamwalira mwezi wozizira uno, m'mawa, ali pamzere wa matekisi ku Alex, dera lina la kuno ku Joni. Amene anali nawo pamzerepo akuti anangokhala pansi n'kutsamira chitsulo cha shedi, chikwama cha apuloni chili pamiyendo. Ena anayesa kuti aledzera. A Chikopa sankamwa mowa.

Anali malume ake a mkazi wanga Esinati, ndiponso ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wathu. Esinati anamwalira chaka chatha atadwala kwa nthawi yochepa. Anagona kumanda a kuno ku Joni, chifukwa mayi ake anatsogola kale ndipo kumudzi ku Chikwawa kunalibe wachibale wapafupi woti n'kulandira bokosi. Motero kwa ine a Chikopa anali mtundu wonse wa mkazi wanga. Ndiwo okha amene akanandisudzula, kundimasula ku ukwatiwo kuti ndipite kwathu ndikayambe moyo wina. Amwalira asanatero, ndipo sikuti nthawi inawachepera.

Ntchito yawo inali yotsegula nkhombe. Anaigwira zaka zambiri pa lesitilanti ina ya zakudya za m'nyanja ku Fourways, kuseri kwa khitchini, pa sinki yachitsulo imene aliyense ankangoti ndi ya Madala. Joni ilibe nyanja. Nkhombezo zinkabwera kuchokera kugombe m'malole oziziritsa, zili zamoyo, ndipo zinkayenera kukhala zamoyo mpaka zitafika m'manja mwawo. Iwo nyanja yamchereyo sanaionepo. Anabwera kuno ali mnyamata kudzalowa mumgodi, ndipo mgodi utawalavula analowa m'makhitchini. Ankanena kuti ntchito ziwirizi sizisiyana kwenikweni, chifukwa konseko umaswa mwala kuti wina adye za m'kati.

Sanalawepo nkhombe ngakhale imodzi. Ankati kwawo m'mbali mwa Shire nkhombe si ndiwo koma chiwiya. Nyama yake amaponyera abakha, chigoba n'kusunga kuti azipalira miphika kapena kusalazira mbiya ikamaumbidwa. Munthu wodya nkhombe ankamuona ngati munthu wotafuna chipande.

M'khitchini ankazitchula mayina a pamenyu, koma kunyumba anali ndi mayina awoawo. Zina zakuda ankazitcha zandevu, chifukwa cha tiulusi timene zimagwirira pamwala, timene iwo ankazula tsiku lonse mpaka zala kuchita dzanzi. Izi ankazikonda. Ankati n'zachibale, zimakhala mulu umodzi, ukanyamula imodzi zinzake zimabwera nazo. Maoyisitala ankawatcha amakani. Chigoba chake n'chokhakhala ngati konkire, mbali ina yakuya, ina yafulati, ndipo mpeni waufupi uyenera kulowa pamfundo penipeni pamene zigoba ziwirizo zalumikizana, upotoze, kenako udule kamnofu kamene kamakoka chitseko. Mpeniwo ukaterereka umapita m'dzanja lako. Chikhatho chawo chakumanzere chinali ndi zipsera pamwamba pa zipsera zinzake, ndipo akakupatsa moni unkamva ngati wagwira khungwa la mtengo. Tina tozungulira timene timadzikwirira mumchenga ankatinyoza kuti n'tachinyengo, kunja toyera koma m'kati mchenga wokhawokha, toyenera kuviikidwa kaye m'madzi amchere kuti tilavule zimene tabisa. Ndiye panali za chigoba chonga chokupizira mphepo, zimene anamva kuti zimasambira pomenyetsa zigoba zawo ndipo zili ndi timaso tambirimbiri m'mphepete. Izi zinkafika zitauma ndi ayisi, nyama payokha, chigoba payokha. Ankati chinthu chimene chafika chosiyana ndi nyumba yake iwo sangachiikire umboni.

Nkhombe ikafika itayasama ankaigogoda ndi chala. Ikatseka ndiye kuti ili moyo, ikapanda kutseka ankaiponya m'bini osayang'ananso kachiwiri. Chizolowezichi chinawatsatira kulikonse. Ankagogoda buledi asanagule, ankagogoda mpando asanakhale, ndipo ukakhala chete nthawi yaitali ankakugogoda paphewa.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ine ndi Esinati tinkapita kuchipinda chawo, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Esinati ankaphika nyemba mumphika wake wadothi umene anabwera nawo kuchokera kumudzi, n'kuukulunga m'chitenje, n'kuunyamula pamiyendo m'tekisi. Ankawachapira zovala ndi kuwadula zikhadabo zakumapazi, iwo akudandaula kuti akuwapha. Ine ankanditcha Aphunzitsi, chifukwa ndinamaliza koleji ya uphunzitsi wa sayansi, ngakhale kuno ntchito yanga ndi yonyamula makatoni m'sitolo ina yaikulu ku Doornfontein.

Tsiku lina ndinawauza zimene ndinaphunzira, zoti tiana ta nkhombe za mumtsinje timayamba tamatirira pa nsomba, nsombayo n'kumayenda nato mpaka titakula pang'ono, ndiye timagwera m'matope.

"Esinati, wamva?" anatero. "Amuna ako akuti mlamba ndi nazale wa nkhombe."

"Asiyeni malume, anakhoza mayeso amenewa."

"Hayi. Sukulu imeneyo bola mukanagula njinga."

Koma Lamulungu lotsatira anandifunsa, Esinati atatuluka kukayanika zovala, ngati nsombayo imamva kuwawa. Ndinati sindikuganiza choncho. Anagwedeza mutu nati ndiye kuti nkhombe ili ndi ulemu kuposa anthu ambiri.

Za moyo wawo wakale ndinamva kwa Esinati. Anabwererako kumudzi kamodzi kokha, patapita zaka zambiri. Anapeza mkazi wawo atakwatiwa ndi munthu wina, munda wawo utapita ndi madzi osefukira. Ana analibe. Anakhala sabata zingapo, nabwerera ku Joni. Pamene anthu a ku Alex anaukira alendo mu 2008, anzawo ambiri anakwera mabasi opita kumudzi, koma iwo anakana, ati kumene akanapita kunalibe chitseko choti n'kugogoda. Mlongo wawo atamwalira anaitanitsa Esinati, namupezera ntchito ya m'nyumba. Pamaliro a Esinati sanalire. Anaima kumutu kwa dzenje atavala jekete yawo ya Lamulungu, ndipo anthu atayamba kubalalika iwo anatsala akutola timiyala ndi zinyalala pamtumbira, kumaika m'thumba la jeketeyo.

Ndinapitiriza kupita kwawo Lamulungu, ndi buledi m'malo mwa nyemba. Mphika unali pashelefu m'chipinda changa, madiresi ali pamsomali, nsapato zili pansi pa bedi, chifukwa katundu wa malemu sakhudzidwa mwamuna asanasudzulidwe. Ndinkagona ndi kudzuka pakati pa zinthu zimenezi. Kenako sukulu ina kwathu ku Ntcheu inalonjeza kundipatsa malo, bola ndifike teremu isanayambe. Ndinawauza a Chikopa tili pakhomo pawo, ndipo ndinawapempha mwaulemu kuti andimasule.

Anati m'banja mwawo kusudzula si mawu okha. Mumphika wa malemu mumaphikidwa komaliza, wamasiye n'kudya, kenako malume amapala mphikawo ndi nkhombe mpaka uyere. Akatero amapereka nkhombeyo kwa wamasiye kuti akaitaye m'madzi oyenda, mphika n'kutsala kwa eni mbumba. Mwambowu ndinali ndisanaumvepo. Ndinafunsa a Nankhoma, mayi wamvano wa kutchalitchi kwathu amenenso kwawo ndi ku Chikwawa, ndipo anati agogo awo ankachita zofanana ndi zimenezi. Choncho sindinganene kuti a Chikopa anangopeka.

"Nkhombe ndiye zilipo zambiri kuntchito kwanu, malume," ndinatero.

"Zimenezo ndi za eni ake. Ikufunika ya m'Shire."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti zonsezi ndi banja limodzi, zigoba ziwiri, mfundo imodzi, kaya ndi m'madzi amchere kaya ndi mumtsinje. Sanatsutse. Lamulungu lotsatira anatulutsa zigoba za kuntchito m'jumbo, natenga poto wawo wakale. Oyisitala inakanda poto mpaka kulira. Yandevu inathyoka m'manja mwawo. Yokupizira ija inasiya mizeremizere ya zakudya, ndipo kozungulira kaja kanali konenepa milomo, kankangotsetsereka osapala kanthu. Anaziika pamzere pansi n'kundiyang'ana. Chimene chinandipweteka n'chakuti sankanama.

Mnzanga wina wogwira ntchito m'maluwa anandipezera nkhombe ya m'damu la pa esiteti ina ku Fourways. Inali ya m'madzi opanda mchere ndithu. A Chikopa anainunkhiza, naigogoda pa dzino, nati ndi yopyapyala, yakulira m'madzi a anthu olemera. Ndiye ndinapita kwa Che Jafali, bambo wa ku Mangochi amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi. Ulendo woyamba anandibweretsera chigoba cha nkhono yaikulu ya kumunda.

"Munati chigoba, achimwene. Ichi si chigoba?"

Ulendo wachiwiri inabwera nkhombe yeniyeni, koma itaphwanyika pansi pa matumba a mpunga. Masiku a teremu anali kuyandikira. Mayi anga ankaimba foni kufunsa ngati akonze chipinda.

Ulendo wachitatu Che Jafali anachita manyazi. Anatuma mlongo wawo kupita kumtsinje, pamene Shire wangotuluka m'nyanja, ndipo nkhombeyo anaiika mu thonje m'kachitini ka sopo, kachitiniko n'kukasunga m'thumba la malaya awo njira yonse. Inafika yathunthu, zigoba zonse ziwiri zidakalumikizana.

Lamulungu limenelo ndinatsitsa mphika pashelefu. Ndinaphika nyemba mmene ndinkaonera Esinati akuphikira, ndinaukulunga m'chitenje chake, ndi kuunyamula pamiyendo m'tekisi. A Nankhoma anabwera ngati mboni. Che Jafali nawonso anabwera, ati akufuna aone chinthu chimene chinawavutitsa chikugwira ntchito. A Chikopa anali atavala jekete ija. Tinakhala panja pa chitseko chawo, pasimenti, dzuwa la masana likutiwomba.

A Chikopa anatsegula kachitini. Kunja nkhombeyo inali yoderako ngati matope, yoperepeseka pa linunda, koma m'kati inkanyezimira ngati mafuta atayikira pamadzi. Anaipendeketsa kudzuwa nthawi yaitali. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake.

"Iyi ndi yomweyo," anatero. "Mayi anga ankasunga yotereyi pa tsindwi."

"Alhamdulillah," anatero Che Jafali. "Ndipume ine."

A Nankhoma anapemphera. Ndinadya nyemba zija. A Chikopa analekanitsa zigoba ziwirizo, chimodzi anaika pabondo, chinacho anagwira bwinobwino, nakokera mphika pakati pa mapazi awo. Anapala kamodzi. Dothi la mphika linaoneka, loyera, lopanda chikande.

"Basi yanu ndi ya liti, Aphunzitsi?"

"Lachisanu, malume."

"Lachisanu lomweli?"

"Eya."

Anayang'ana mumphika. Kenako anatulutsa chigoba chija, nachiika pasimenti, nachiponda ndi chidendene cha nsapato. Sanachite mwaukali. Anachita ngati mmene munthu amazimitsira ndudu.

"A Chikopa!" anakuwa a Nankhoma. "Mwatani kodi? Chabwino, chinzake chilipo, tengani chinzakecho."

A Chikopa anatenga cha pabondo chija, nachiika pambali pa zidutswazo, nachipondanso.

"Madala, eish!" Che Jafali anaimirira, chipewa chili m'manja. "Chinthu chimenechi ndadutsa nacho maboda onse aja, asilikali kundifunsa, ine kumanama kuti ndi mankhwala a mano!"

"Inali ndi mng'alu," anatero a Chikopa.

"Inalibe," ndinatero. Aka kanali koyamba kuwatsutsa pamaso pa anthu.

"Ine nkhombe ndimazidziwa. Inali ndi mng'alu."

"Mulungu akukuonani bambo inu," anatero a Nankhoma, akumanga chitenje mwamphamvu. "Mwana wa eni ake uyu. Wakulakwirani chiyani? Mkazi anamusamala, maliro anakhala, chaka chakwana. Mukufuna afere pano ngati inu?"

A Chikopa anavundikira mphika, naukulunganso m'chitenje, namanga mfundo. Anaukankhira kwa ine osandiyang'ana.

"Nyemba zatsala," anatero. "Lamulungu likubwerali muchepetseko mchere."

Ndikanatha kukwera basi Lachisanu limenelo. Palibe wapolisi amene akanandiimitsa pa boda n'kufunsa ngati ndinasudzulidwa. Koma mayi anga atamva anati munthu wosamasulidwa asalowe m'nyumba mwawo, angabweretse zovuta kwa ana a mlongo wanga. Ndipo inenso, ndi sayansi yanga yonse, ndinaima kutsogolo kwa madiresi aja ndi jumbo m'manja, dzanja langa osakwera. Malo a kusukulu anapatsidwa kwa munthu wina.

Lamulungu lotsatira ndinapita ndi nyemba. Sindikudziwa bwino chifukwa chake. Anandidikira pageti, chinthu chimene anali asanachitepo, nalandira mphika m'manja mwanga. Za tsiku lija sitinakambepo. Kuyambira pamenepo anasiya kundiseka. Ankandisungira nyama yabwino, anandigulira magolovesi a kuntchito, ankandiperekeza mpaka pa matekisi. Ndikanakonda akanapitiriza kundinyoza. Ndinkawadula zikhadabo zakumapazi, chifukwa msana wawo sunkapindikanso, ndipo ndinkayang'ana mapazi okhawo. A Nankhoma anasiya kuwapatsa moni kutchalitchi. Che Jafali anati akadzawatumanso adzawabweretsera mwala.

Anthu amene ankawadziwa a Chikopa akanditonthoza amati anali munthu wolungama, ndipo n'zoona. Sanatumizepo nkhombe yakufa ku tebulo la munthu, ngakhale bwana atakalipa chotani kuti akutaya katundu. Anyamata ambiri ochokera kumudzi anagona pansi m'chipinda chawo asanapeze ntchito. Munthu yemweyo anaona chinthu chabwinobwino, nanena pamaso pa mboni kuti chili ndi mng'alu. Ndimayesa kuika zinthu ziwirizi pamodzi ndipo sizigwirizana. Masiku ena ndimamvetsa mantha a nkhalamba imene yatsala ndi mlendo mmodzi pa sabata. Masiku ena ndimakumbukira ana a sukulu amene sindinawaphunzitse, ndipo kumvetsako kumachoka.

Kamodzi kokha, chisanu chitangoyamba, anayandikira nkhaniyo. Tinali kudya, ndipo anati kuzizira kukatha mwina ndimufunsenso Che Jafali ngati mtima wake watsika. Ndinati chabwino. Sindikudziwa ngati ankanena zoona, kapena anangoona kuti ndakhala chete kwambiri ndiye anafuna kumva ngati ndiyankha.

Tinawaika m'manda omwe aja, mizere ingapo kuchokera pa Esinati. Pambuyo pake ndinapeza nambala ya wachibale wina wapatali ku Chikwawa. Anandimvetsera mwaulemu. Anati iwo pa ukwati wathu sanaimepo, dzina langa akulimva koyamba, ndipo za nkhombezo achikulire amene ankazidziwa anatha. Anati ndingochita zimene ndikuona kuti n'zabwino. Anthu ena akuti kumeneko ndiye kumasulidwa. Ine ndinamva mawu a munthu amene akufuna kudula foni.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Alex. Katundu wawo anali atagawidwa kale kwa a kutchalitchi. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mayi mwini nyumba anali m'kati ndi chitini cha penti, chifukwa wolowa watsopano akubwera kumayambiriro kwa mwezi. Chipindacho ndi chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pakhoma pamene pankatsamira mutu wawo akakhala pabedi panali bwalo lakuda la mafuta, ndipo penti yoyamba inali italephera kulibisa. Pasimenti panali timaenje tinayi ta miyendo ya bedi. Waya wa babu unkalendewera wopanda babu.

Mayiyo anandiyang'ana, burashi ili m'manja. Anati nkhope yanga akuidziwa, koma sanafunsepo kuti ine ndi Madala panali ubale wanji.

Ndinati ndine mkamwini pakhomopa.

Anayang'ana makoma, nayang'ananso ine. Anafunsa kuti pakhomo pa ndani. Anadikira pang'ono, kenako anandipempha kuti ndisunthe pakhomo chifukwa ndikutchinga kuwala.